Mayere Osonkhetsera Ndalama za Chitukuko: Zoyenera Kudziwa Matikiti Asanadindidwe

Anthu akagulitsa mtedza ndi soya pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Mkanda, makomiti a sukulu, a mipingo ndi a chitukuko cha m'midzi amayamba kusonkhetsa ndalama. Ena amachititsa pepa Sande, ena amayenda ndawala. Ilipo njira inanso imene imakopa anthu msanga: kugulitsa matikiti, kenaka n'kuchita mayere kuti mwini tikiti yamwayi atenge njinga kapena thumba la feteleza.

Njira imeneyi ndi yosiyana ndi zinazo. Woponya ndalama m'mbale ya pepa Sande wapereka mphatso, ndipo sayembekezera kanthu. Wogula tikiti walipira, akuyembekezera mphoto, ndipo chomupatsa mphotoyo ndi mwayi chabe. Zinthu zitatuzi zikakumana, ntchitoyo yasanduka masewera a mwayi, ngakhale cholinga chake chikhale chofolera chipinda chophunziriramo.

M'Malawi muno masewera otere amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, mwachidule MAGLA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2022, limene linaphatikiza mabungwe awiri akale, Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Choncho komiti yofuna kuchititsa mayere ilembere bungweli matikiti asanadindidwe, ifotokoze cholinga, mtengo wa tikiti ndi mphoto, kuti iuzidwe chilolezo chimene chikufunika. Kalata ya a gulupu kapena ya khansala ndi umboni wabwino wakuti chitukukocho chilipodi ndipo chinakambidwa ku VDC ndi ku ADC, koma kalatayo si chiphaso.

Vuto lalikulu limabuka pa chiwerengero. Mwachitsanzo, komiti yadinda matikiti 500 a K1,000 iliyonse, ndipo yalonjeza njinga ya K200,000. Matikiti onse akagulidwa, papezeka K500,000. Kuchotsapo njinga ndi K30,000 yodindira, chitukuko chitsala ndi K270,000. Nanga akagulidwa 200 okha? Ndalama yonse ithera pa njinga, ndipo ngongole ya wodinda itsala. Apa mpamene makomiti ena amayamba kusunthasuntha tsiku la mayere, kapena kusintha njinga kukhala ndowa. Wogula tikiti amakhala wanamizidwa, ndipo chaka chamawa sadzaperekanso ngakhale njerwa imodzi. N'chifukwa chake mphoto iyenera kugulidwa kapena kupemphedwa kwa akufuna kwabwino tikiti yoyamba isanagulitsidwe.

Tikiti iliyonse ikhale ndi nambala, dzina la komiti, mtengo, mphoto, tsiku ndi malo a mayere, ndipo chitsa chake chitsale m'buku. Mayere achitikire poyera. Wotola tikiti m'bokosi asakhale wa m'komiti, ndipo n'kwanzeru kuti a komiti ndi a pabanja pawo asagule n'komwe. Njinga ikagwera mlamu wa msungichuma, ngakhale mwachilungamo, palibe adzakhulupirire.

Lamulo sililola ana osakwana zaka 18 kuchita nawo juga. Chizolowezi chopatsira ophunzira mabuku a matikiti kuti akagulitse kumudzi, chimene ambiri sachiona ngati cholakwa, chiyenera kulekeka.

Mchinji ilinso ndi nkhani yakeyake. Mabanja ambiri a kwa Mlonyeni, kwa Zulu ndi kwa Mkanda ali ndi abale ku Chipata, ndipo buku la matikiti limaoloka pa Mwami mosavuta. Chilolezo cha Malawi chimathera pamalire, pakuti Zambia ili ndi malamulo ake. Komanso maiko onsewa ndalama yawo ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, kotero tikiti inene poyera kuti mtengowo ndi wa kwacha ya Malawi.

Mayere akatha, komiti imate pakhoma la sukulu kapena la tchalitchi chiwerengero cha matikiti ogulidwa ndi otsala, ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo chikalata chomwecho chikawerengedwe pa msonkhano wotsatira wa VDC.