Feteleza wa m'mapaipi ndi kukoma kwa mavwende

Wogula vwende pamsika safunsa za feteleza. Amangoluma, ndipo likakhala lamadzimadzi, losatsekemera, mawa sabweranso pabenchi panu. Choncho ngakhale simulima nokha, ndi bwino kudziwa momwe alimi amene mumawapikula ku Chikwawa kapena ku Salima amadyetsera mbewu yawo.

Alimi ena masiku ano akuthirira ndi mapaipi a drip, omwe amadontheza madzi patsinde pa mbewu iliyonse. Feteleza wobereketsa amamusungunula m'ndowa, kumusefa, n'kumuthira m'thanki kuti ayende ndi madziwo mpaka ku mizu.

Woyenera ntchitoyi ndi Urea chifukwa amasungunuka yense. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a naitirojeni, mchere umene umakulitsa masamba ndi nthambi. CAN ali ndi laimu amene sasungunuka ndipo amatseka timabowo ta mapaipi. NPK wokulitsa malo ake ndi m'phando pobzala, osati m'thanki.

Kathiridwe kake ndi aka: yambani ndi madzi okha mpaka mapaipi onse adzaze, kenako lowetsani feteleza, pomaliza tsukani mapaipiwo ndi madzi okhanso. Thirani pang'onopang'ono sabata iliyonse m'malo mothira wambiri kamodzi, chifukwa m'dothi lamchenga madzi ochuluka amakokolera naitirojeni pansi pomwe mizu sifika. Ndalama imeneyo yatayika.

Mbewu imafuna chakudyachi kwambiri pamene ikuyanga mpaka itayamba kubereka. Zipatso zikamakula chepetsani, ndipo kukatsala masabata awiri kuti mukolole, siyani. Mlimi akapitiriza, munda umaoneka wobiriwira bwino koma mavwende amachedwa kupsa, shuga amachepa, ndipo ena amakhala ndi mphako mkati. Mtundu wa Sugar Baby umakhwima pakatha masiku pafupifupi 80, ndiye kuwerenga masiku sikovuta.

Inu opikula, musanapereke ndalama funsani mlimi tsiku limene anabzala ndi limene anasiya kuthira feteleza. Onani mbali imene vwende linagonera pansi ngati yasanduka yachikasu, komanso ngati kachingwe ka pafupi ndi phesi kauma. Kenako sankhani nokha vwende limodzi m'munda, osati limene mlimi wakutolerani, mulidule ndi kulawa.

Kulipira vwende limodzi lolawa n'kotchipa kusiyana ndi kubweza ndalama kwa makasitomala galimoto yonse itatsitsidwa kale.