Penshoni ndi Ndalama ya Wantchito, Si Mphatso ya Bwana

Mabanja ambiri a m'tauni amakhala ndi malipiro amene amatha mwezi usanafike pakati. Lendi, ufa, makala, minibasi ndi fizi ya ana zikatengapo gawo lawo, chotsala chimapita ku maliro kapena kwa m'bale wodwala kumudzi. N'chifukwa chake munthu akauzidwa kuti azisunga ndalama amangoseka. Komabe pali ndalama ina imene lamulo limasungira wantchito mwezi ndi mwezi, afune asafune, ndipo ambiri sadziwa kuti yafika pa zingati, ngakhalenso kuti ikufikadi kumene iyenera kupita.

Lamulo la penshoni limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2011 linasintha zinthu kwambiri. Kale penshoni inkadalira kukoma mtima kwa olemba ntchito. Kuyambira chaka chimenecho, wolemba ntchito akukakamizidwa kulembetsa antchito ake ku thumba la penshoni. Wantchito amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana amaonjezerapo K10 pa K100 iliyonse kuchokera m'thumba mwake. Mwachitsanzo, mayi amene amalandira K300,000 pamwezi amadulidwa K15,000, bwana wake n'kuikapo K30,000. Pamodzi ndi K45,000 pamwezi, kapena kuti K540,000 pachaka, chiwongoladzanja chisanawerengedwe. Ndi mabanja ochepa amene angathe kusunga okha ndalama yotere kunyumba osaikhudza.

Ndalamayi sikhala m'manja mwa bwana. Iyenera kutumizidwa ku kampani yosunga penshoni, monga Old Mutual kapena NICO, pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Wantchito akasintha ntchito penshoni yake siitayika, imamutsata. Lamulo lomwelo limanenanso kuti wolemba ntchito adulire wantchito aliyense inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, kuti akamwalira banja lake lipeze poyambira.

Vuto lagona pa kutumizako. Pali olemba ntchito amene amadula ndalamayo papepala la malipiro koma osaitumiza, n'kumaigwiritsa ntchito pa bizinesi yawo. Banki yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira makampani a penshoni, yakhala ikudandaula za zimenezi kwa zaka zambiri, mpaka kufika potulutsa m'nyuzipepala maina a olephera kutumiza. Wantchito amazindikira mochedwa, pamene wapuma kapena wachotsedwa ntchito, kuti m'thumba lake muli ndalama yochepa kuposa imene ankadulidwa. Kumeneku ndi kuba, ngakhale wobayo avale tayi ndi kukhala pa benchi yakutsogolo Lamulungu. Kalata ya Yakobe, mutu 5, imadzudzula kwambiri olemera amene amamana antchito awo malipiro, ndipo ndalama ya penshoni ndi malipiro ndithu, angosungidwa kuti adzalandiridwe m'tsogolo. Akhristu amene ali ndi masitolo, magalaja, masukulu kapena makampani a alonda ayenera kudzifunsa okha pa nkhaniyi. Mabungwe a mpingo amene amalemba anthu ntchito nawonso lamuloli likuwakhudza chimodzimodzi.

Chitetezo cha wantchito n'chosavuta: kufunsa sitetimenti ya penshoni yake ku kampani yosunga ndalamayo, n'kuyerekeza ndi mapepala a malipiro. Ngati miyezi ina ikusowa, akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito kapena ku banki ya Reserve. Ambiri amaopa kuti bwana akamva adzawachotsa. Manthawo ndi omveka, ndiye n'kwabwino kufunsa monga gulu, kudzera m'bungwe la antchito pamene lilipo, kusiyana ndi munthu kupita yekha.

Mu 2023 lamuloli linakonzedwanso potsatira madandaulo a anthu. Wochotsedwa ntchito amene sanapeze ina tsopano amadikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi asanatapeko ndalama zake, ndipo amene watsala ndi zaka zisanu kuti apume akhoza kutapako mpaka theka. Kusinthaku kwathandiza ena kumaliza nyumba kuti asadzapume ali pa lendi. Koma n'kosavutanso kuti theka limenelo lithere pa galimoto yakale kapena pa bizinesi imene munthu sanaichitepo. Pa zaka 60 palibe amene adzamulembenso ntchito kuti abweze.

Mpingo unayamba kale kulankhula za zimenezi. Mu 1891, m'kalata yotchedwa Rerum Novarum, Papa Leo XIII anaphunzitsa kuti malipiro oyenera ndi amene amakwanira kusamala banja n'kutsalako kangachepe koti munthu asunge, ndiponso kuti malamulo a dziko azithandiza anthu ambiri kukhala ndi katundu wawowawo. Mu 1981 Papa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens, anaika penshoni m'gulu la maufulu a munthu wogwira ntchito. Ndi muyeso umenewu lamulo la penshoni ndi labwino, koma likufikira anthu ochepa. Mavenda a mu msika, akabaza, osoka zovala ndi amayi ogulitsa mandasi alibe bwana woti awaikire K10 ija, chonsecho ndiwo ochuluka m'mizinda ndi m'matchalitchi momwe.

Kwa iwowa njira imene ilipo ndi SACCO ndi banki m'khonde. Ma SACCO anayamba m'Malawi mothandizidwa ndi Mpingo wa Katolika, ndipo bungwe lowaphatikiza la MUSCCO linakhazikitsidwa mu 1980. Kuyambira 2011 pali lamulo lowayang'anira, kotero SACCO yeniyeni imakhala ndi chiphaso chochokera ku banki ya Reserve ndipo mabuku ake amafufuzidwa. Banki m'khonde ndi yosiyana. Imayenda ndi kukhulupirirana kokha, ndipo msungichuma akathawa kapena membala akakana kubweza ngongole, gulu limavutika kupeza kolowera. Magulu a m'miphakati amene amagawana bwino pa Disembala nthawi zambiri ndi amene analemba malamulo awo, amawerenga ndalama pamaso pa onse, ndipo sabwereketsa anthu akunja.

Pali mdani wina amene wantchito payekha sangalimbane naye. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama yogulira malata anapeza kuti ikungokwana theka la denga. Boma likhoza kulemba malamulo abwino a kasungidwe ka ndalama, koma mitengo ikamakwera kuposa chiwongoladzanja, wosunga ndiye amalangidwa. Choncho akhristu akamafunsa aphungu awo za misewu ndi milatho, azifunsanso za kukwera kwa mitengo ndi za mulingo wa malipiro osadulidwa msonkho, umene mu 2020 unakwezedwa kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi. Ndalama imene msonkho wasiya m'thumba ndi imene banja lingathe kuika ku SACCO.

Chinthu chimodzi chimene chimaiwalika ndi fomu yotchula olandira penshoni munthu akamwalira. Ambiri anaidzaza tsiku limene analembedwa ntchito, akadali mbeta, n'kulembapo mayi awo kapena mchimwene. Papita zaka, pabwera ukwati ndi ana, fomu ili chomwecho. Mwini wake akatisiya, mkazi wamasiye ndi ana amayamba kuyenda m'maofesi kukangana ndi achibale. Fomuyi imapezeka kwa oyang'anira antchito pamalo pa ntchito kapena ku kampani ya penshoni, ndipo wantchito ali ndi ufulu woisintha nthawi iliyonse akakwatira, mwana akabadwa, kapena amene anamulemba poyamba akamwalira.