N'chifukwa chiyani mbuna za chilumba china sizifanana ndi za chilumba china?

Amene munatererapo pamiyala ya mumtsinje wa Mulunguzi mukuidziwa ndere ija imene imamatirira pamwala wonyowa. Ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, ndere yangati yomweyo ndi chakudya cha nsomba zimene zinathandiza kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980.

Mukakwera bwato ku Chembe kulowera ku Otter Point kapena kuchilumba cha Thumbi West, musamangojambula matanthwe okha. Suzumirani m'madzi. Muona tinsomba tabuluu, tachikasu, tina tamizeremizere. Zimenezo ndi mbuna. Zambiri zimapala ndere pamwala ndi timano tawo, ndipo mdani akatulukira zimathawira m'ming'alu.

Tsopano apa ndi pamene pagona sayansi. Mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, chifukwa kumeneko kulibe pobisala. Komanso yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ana amatuluka atakulako, kotero satengeka ndi mafunde kupita kutali. Amakulira pomwe anabadwira. Mulu uliwonse wa miyala uli ngati mudzi umene anthu ake amangokwatirana okhaokha. Zikapitirira kwa zaka masauzande, mbuna za pachilumba china zimayamba kusiyana maonekedwe ndi zinzake, ndipo popeza yaikazi imasankha mwamuna poyang'ana kuwala kwa khungu lake, magulu awiriwo amafika posiyiratu kuswana. Apo pabadwa mtundu watsopano. M'buku la Biology mawu ake ndi speciation, muwasunge, mayeso sachenjeza.

Zimene zinatenga nthawi yaitali chonchi zitha kusokonezeka msanga. M'ma 1960, mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa Thumbi West ndi wochita malonda a nsomba zokongoletsera m'nyumba. Patapita zaka, ofufuza anapeza kuti alendowa anayamba kuswana ndi mbuna zapomwepo.

Vuto lina ndi matope. Mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola dothi kulowetsa m'nyanja. Dothilo limakwirira ndere pamiyala, madzi n'kuchita mbuu, moti yaikazi imavutika kusiyanitsa mwamuna wa mtundu wake ndi wa mtundu wina.