Khansa ya m'mawere yomwe imazemba X-ray

Mu physics timanena kuti chithunzi cha X-ray chimatheka chifukwa ziwalo za thupi sizitchinga kuwalako mofanana. Fupa limatchinga kwambiri, n'chifukwa chake limaoneka loyera. Mafuta amalola kuwalako kudutsa, amaoneka akuda. Kujambula mawere kotchedwa mammogram kumadalira zomwezi: chotupa cholimba chimaonekera pakati pa mafuta a bere.

Nanga khansa ikapanda kupanga chotupa?

Ilipo yotero. Imayambira m'timatumba topanga mkaka, ndipo madokotala amaitcha invasive lobular carcinoma. Pa khansa 100 za m'mawere zomwe zalowerera m'minofu, pafupifupi 10 mpaka 15 zimakhala zamtunduwu. Maselo a m'bere amagwirana ndi puloteni yotchedwa E-cadherin, yomwe ili ngati guluu. Pa khansa iyi guluuyu amasowa. Tsono maselo sakhala mulu, amalowerera m'minofu mondondozana, limodzilimodzi, ngati ana pamzere wa phala. Kamzere kopyapyala chonchi sikasiyana kwenikweni ndi mnofu wozungulira, ndiye nthawi zina X-ray imadutsa osasiya chithunzi chooneka. Makinawo sanalakwe ayi, kungoti palibe kusiyana koti ajambule.

Kundondozana kumeneku ndi kwa mtundu wofala wotchedwa classic. Mu solid maselo amayala ponseponse, mu alveolar amakhala timagulumagulu, pomwe mu tubulolobular ena amapanga timachubu. Wovutitsa ndi pleomorphic: maselo ake ndi akuluakulu, osafanana, ndipo umakula msanga. Mukamva za lobular carcinoma in situ musasokonezeke. Pamenepo maselo akadali m'timatumba muja, koma mwayi wodzadwala khansa umakwera.

Khansayi imapezeka kwambiri mwa amayi omwe adasiya kusamba, a msinkhu wa agogo anu kapena azakhali. Ambiri adamva zoti azifufuza chotupa basi. Chonsecho apa chizindikiro chimatha kukhala mbali ina ya bere kulimba, bere kusintha kukula, khungu kuchita tizenje, kapena nsonga kulowa m'kati. Wina kunyumba akadandaula zotere, muwalimbikitse apite kuchipatala ngakhale chotupa palibe.

Kumeneko angagwiritse ntchito ultrasound, yomwe imatumiza mafunde a phokoso, kapena MRI ya maginito, yomwe imaiona bwino khansayi kuposa mammogram. Chotsimikizira ndi kudula kamnofu n'kukaunika pa maikulosikopu. Zambiri mwa khansazi zimakula ndi homoni ya estrogen, choncho kuwonjezera pa opaleshoni, mankhwala otchinga homoniyo monga tamoxifen amathandiza.