Kuwerenga anthu osowa pokhala: phunziro pa kukonza lipoti ndi spreadsheet

Ambiri mwa ife tinaphunzira Excel kuti tizilemba malikisi a ophunzira. Koma pali malo amene mzere umodzi wa spreadsheet ukhoza kuchititsa kuti munthu apeze pogona kapena agone panja. M'phunziro lino tiona momwe mabungwe othandiza anthu osowa pokhala ku United States amakonzera malipoti awo, ndi zimene ife tingatolepo.

Lipotili limapita kwa ndani?

M'dzikolo, ndalama zambiri za boma zothandizira anthu osowa pokhala zimadzera ku unduna woona za nyumba wotchedwa HUD, potsatira lamulo la McKinney-Vento la 1987, lomwe linakonzedwanso mu 2009. Kumapeto kwa Januwale kumakhala kalembera wa usiku umodzi, ndipo wa 2024 anapeza anthu oposa 770,000 alibe pokhala. Bungwe lolandira ndalama pansi pa ndondomeko ya Continuum of Care limalemba aliyense amene lamuthandiza m'kaundula wa pakompyuta wotchedwa HMIS. Chaka cha thandizolo chikatha, limakhala ndi masiku 90 oti litumize lipoti lapachaka kudzera pa Sage. Lipoti likachedwa kapena likakhala ndi mipata yambiri, bungwe limaoneka lofooka pamene likupikisana ndi anzake popempha ndalama za chaka china.

Lipotilo limatuluka mu HMIS ngati mafayilo a CSV. Ntchito ya spreadsheet ndi kutithandiza kufufuza zolakwika lisanatumizidwe. Tikapeza cholakwika, timakachikonza m'kaundula momwemo, kenako n'kutulutsanso lipoti. Sitisintha manambala pamanja kuti aoneke bwino.

Poyamba: munthu mmodzi, nambala imodzi

Tiyerekeze kuti malo ena ogona alemba mizere 140 m'chaka. Kodi athandiza anthu 140? Mwina ayi. Bambo wina anabwera mu Febuluwale, n'kuchoka, n'kubweranso mu Juni ndi mu Novembala. Iyeyo ali m'mizere itatu, koma ndi munthu mmodzi. Opereka ndalama amafuna kudziwa chiwerengero cha anthu, aliyense atawerengedwa kamodzi.

N'chifukwa chake munthu aliyense amapatsidwa nambala yakeyake. Dzina silokwanira, chifukwa wolemba wina amalemba "Jon" wina "John", ndipo kompyuta imawaona ngati anthu awiri. Tikagwiritsa ntchito COUNTIF pa mzere wotsika wa manambalawo, timaona nambala zimene zabwerezedwa. Tisathamangire batani la Remove Duplicates pa fayilo yoyambirira, chifukwa tikhoza kufufuta mbiri ya maulendo enieni a munthuyo. Tizikopera kaye tsambalo, n'kugwira ntchito pa lokoperalo. M'chitsanzo chathuchi tinene kuti patsala anthu 112.

Chachiwiri: madeti

Masiku amene munthu wakhala pamalopo timawapeza pochotsera deti lolowera ku deti lotulukira. Apa pali msampha. Ku America 03/04/2024 ndi 4 Malichi, pamene kwathu kuno ndi 3 Epulo. Deti likalowa ngati mawu chabe, Excel ikhoza kulephera kuwerengera. Yankho likatuluka lochepera ziro, ndiye kuti munthuyo walembedwa ngati anatuluka asanalowe. Bokosi la deti lotulukira likasiyidwa lopanda kanthu mwangozi, munthu amene anachoka kalekale amaoneka ngati akadali pomwepo, ndipo bedi lake limawerengedwa ngati lili ndi mwini.

Chachitatu: anapita kuti?

Funso lalikulu la opereka ndalama ndi lakuti, mwa amene anachoka, ndi angati anapeza nyumba yokhazikika? Tinene kuti mwa anthu 112 aja, 80 anachoka, ndipo 32 analembedwa kuti anapeza nyumba. Tikagawa 32 ndi 80 tipeza 40 pa 100 aliyense. PivotTable imatipatsa manambalawa m'kanthawi kochepa. Koma bwanji ngati mizere ya anthu 20 ilibe yankho? Mwina ena mwa iwo anapezadi nyumba, koma bungwe silingawawerenge popanda umboni. Ntchito inagwiridwa, koma lipoti silikuionetsa.

HMIS imasiyanitsa mayankho atatu: munthuyo sakudziwa, sanafune kuyankha, kapena sanafunsidwe n'komwe. Lachitatuli ndi vuto la ogwira ntchito. Pa spreadsheet, Data Validation imatithandiza kuika mndandanda wa mayankho ovomerezeka kuti aliyense asamalembe m'mene wafunira.

Chachinayi: chinsinsi cha anthu

M'mizere imeneyi muli madeti obadwa, za ulumali ndi komwe munthu anagona asanabwere. Lipoti lopita kwa opereka ndalama limakhala ndi ziwerengero zokha, popanda mayina. Lamulo la ku America limaletsa mabungwe othandiza anthu othawa nkhanza za m'banja kulemba anthu awo mu HMIS. Iwo amasunga kaundula wawo payekha, poopa kuti wozunza angadziwe kumene wothawayo ali. Ifenso tizitseka fayilo yotere ndi mawu achinsinsi, ndipo tisamaitumize pa WhatsApp kapena kuisiya pa kompyuta ya anthu onse.

Tisanatumize

Tiphatikize amene anachoka ndi amene atsala: 80 ndi 32 akwane 112. Akapanda kukwana, pali penapake pamene palakwika. Tipemphenso mnzathu aunike, pajatu mutu umodzi susenza denga. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzakumana ndi zomwezi pa kaundula wa m'kalasi: mwana wolembedwa kawiri, kapena wosiya sukulu amene sanachotsedwe.

Mafunso okambirana

1. Pa mizere 140 ija, n'chifukwa chiyani kulemba kuti tathandiza anthu 140 kungakhale kunama, ngakhale mzere uliwonse uli woona?
2. Mkulu wa bungwe atatiuza kuti tidzaze mabokosi 20 aja ndi "anapeza nyumba" kuti ndalama zisaduke, tingamuyankhe bwanji?
3. Ndi zinthu ziti za ophunzira athu zimene siziyenera kutuluka mu ofesi ya sukulu?