Usanalipire Chipinda ku Siavonga, Mphwanga

Mphwanga, uthenga wako ndaulandira pamodzi ndi zithunzi zitatu zija. Wati chilimba cha kuntchito chakugwera mwezi uno, ndipo m'malo mogula sofa ina mwapangana ndi amake ana kuti mukaonetse anawo nyanja. Mwaganiza bwino. Ine ndinakula m'Chawama muno mpaka kumera ndevu ndisanaone madzi ochuluka kuposa amene amadzaza mu Kanyama mvula ikakwiya, ndipo sindifuna kuti adzukulu anga akule chimodzimodzi. Koma pa zithunzi zitatuzo mtima wako wagwera pa chipinda chimene khomo lake lapenya mchenga, madzi ali pamphuno, ndipo ukufunsa ngati utumize dipoziti lero. Usatumize. Yamba wamva zimene zinatigwera ife.

Munali mu Okutobala 2019. Ine ndi azakhali ako tinali titasunga ndalama chaka chathunthu, iwo pa kantemba kawo ka tomato ndi kapenta, ine pa malipiro anga. Tinaona chithunzi pa foni: kanyumba kofolera udzu, mipando iwiri pakhonde, madzi akunyambita masitepe. Anati ndi chipinda cha pabichi, mtengo wake woposa zina zonse, ife n'kulipira osafunsa kanthu. Tinanyamuka m'bandakucha, kudutsa Chilanga, Kafue, kutsetsereka mapiri aja a msewu wa ku Chirundu kumene mathiraki amayenda ngati odwala, n'kukhotera kumanja tisanafike pa malire. Ndi makilomita pafupifupi 200, maola atatu galimoto ikakhala bwino. Ana anaimba njira yonse.

Titafika, kanyumba kanalipo, mipando inalipo, koma madzi anali atasamuka. Mvula inakana chaka chimenecho, nyanja inaphwa n'kubwerera m'mbuyo, ndipo pakati pa khonde lathu ndi madzi panali miyala yotentha, matope ong'aluka ndi zitsa. Sindinganene kuti anatinamiza. Chithunzicho chinali choona, kungoti chinajambulidwa chaka china. Wolakwa ndinali ine, amene sindinadziwe kuti Kariba si nyanja yobadwa nayo dziko ngati Tanganyika kapena Bangweulu. Ndi dziwe la anthu. Khoma lotseka Zambezi linamalizidwa mu 1959, ndipo madziwo amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula yogwa kutali kumtunda, ku Angola ndi ku North-Western, komanso malinga ndi mmene makina a magetsi akuwamwera. Ukukumbuka 2024, pamene a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo malaiti m'komboni ankabwera maola atatu okha pa tsiku? Chaka chomwecho abale athu ku Malawi ankalira zosiyana: nyanja yawo inasefukira, mchenga wa malo ambiri ogona alendo ku Mangochi unamira, madzi n'kulowa mpaka m'zipinda. Gombe limayenda, mphwanga. Choncho uwauze eni malowo akutumizire kanema wa lero lomwe, wojambulayo ayambire pa bedi, atuluke pakhomo, ayende mpaka pamadzi osadula. Akayamba kuzengereza, wadziwa kale.

Za madzi osamukawo tinaseka n'kuiwala. Chimene sindidzaiwala ndi usiku. Iwe wazolowera mphepo ya Lusaka, mzinda wa pamtunda. Siavonga ili m'chigwa, ndipo mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40, khoma la chipinda n'kumatulutsa moto mpaka pakati pa usiku, makamaka ngati zenera lapenya kolowera dzuwa. Itakwana 20 koloko malaiti anapita. Tangoganiza, damu lopanga magetsi ambiri a dziko lino lili pafupi pomwepo, ife tili mumdima ngati kwathu ku Chawama. Jenseti inalira, mtima wanga n'kukhala pansi, koma fani sinazungulire. Nditapita kukafunsa, anandiuza mwaulemu kuti jensetiyo imangokwanira bala ndi khitchini. Kutsegula zenera, sefa wake anali wobooka, neti inali imodzi pa bedi la akulu, ana atatu ali pa matiresi pansi. Azakhali ako anachezera kukupiza ana ndi chitenje chonyowa. Ndipo popeza chipinda cha pabichi chimakhala pamene pali bichi, bala nayo imakhala pomwepo. Anyamata ochokera ku Lusaka konkuno anatsegula mabuti a galimoto zawo, masipika kunja, mpaka tambala woyamba. Tinalipira mtengo wapamwamba kuti tigone pakati pa dansi.

M'mawa ndinayendera malowo maso ali psuu, ndipo ndinapeza zipinda za mzere wachiwiri, kumtunda pang'ono, pansi pa mitengo. Zinali zozizirirapo, zachete, zotsika mtengo, ndipo nyanja inkaoneka bwino kuposa pathu chifukwa zinali pokwera. Mpamene ndinazindikira kuti nyanja salipiritsa. Aliyense wogona pamalopo, wa chipinda chodula ndi wa chotchipa, amakhala pa mchenga womwewo, kuonerera dzuwa lomwelo likulowa, ndi nyali zomwezo za asodzi a kapenta zikuyaka pamadzi usiku. Ndalama yako imagula tulo ta ana. Ndiye funsa za tulo: malaiti akapita, fani kapena eyakoni ya m'chipinda imayendera jenseti kapena sola? Maneti alipo angati? Madzi a m'bafa amatuluka pampu ikazima? Kuchoka pachipinda kufika pa bala ndi mtunda wotani, ndipo nyimbo amazimitsa nthawi yanji? Usachite manyazi kuti akuona ngati wa m'komboni. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba m'malo mongokuyankha pa foni. Ana ako sadziwa kusambira. Iwenso sudziwa, usanditsutse, ndinakulera ndine. Ana a m'komboni madzi amene amawadziwa ndi a m'chigubu, a m'ngalande ndi a m'maenje ofukulamo miyala ngati Ngwenya ku Misisi, kumene makolo akhala akulira maliro kangapo. Mwana wa zaka zinayi amadzuka akulu ali m'tulo, ndipo ngati khomo limatseguka ndi kachitsulo kamene dzanja lake lifikira, pakati pa bedi ndi nyanja palibe womuletsa. M'Kariba muli ng'ona, zambiri, ndipo sizidziwa kuti pano ndi pa hotela. Mulinso mvuu, zimene zimatuluka usiku kukadya msipu, ndipo nyengo ya chilimwe msipu wobiriwira umapezeka pa kapinga wothirira wa malo ogona alendo. Chipinda chimene wasankhacho ndicho choyamba kuchokera kumadzi. Kwa mnyamata ndi mtsikana amene angokwatirana kumene, palibe vuto. Kwa bambo wa ana atatu, kuli bwino pakati pa khomo ndi madzi pakhale mpanda, kapena mtunda woti mwana akauyamba wina amuone. Funsa ngati chitseko chili ndi loko wa pamwamba. Ngati akupatsa chipinda cha pansanjika, funsa za mpanda wa pakhonde, ngati mutu wa mwana sungalowe pakati pa zitsulo zake. Ndipo ana onse agone m'chipinda chimodzi ndi inu, kapena m'chipinda chimene khomo lake latsegukira mwa inu. Zoti ana agone paokha m'kanyumba kena chifukwa ndi zotchipa, ukane.

Posamba, sankha malo amene ali ndi dziwe losambiramo lomangidwa, lokhala ndi mbali yosaya ya ana, ndipo mmodzi wa inu akhale pompo maso pa ana, foni m'thumba. M'nyanja momwemo, kupatula ng'ona, muli likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha, mokhala bango ndi udzu, timalowa pakhungu, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa milungu kapena miyezi. Ukadzaona magazi mu mkodzo wa mwana, usathamangire kwa asing'anga, mankhwala ake alipo ku kiliniki.

Wodziwa zoona za ng'ona si mtsikana wa pa risepushoni. Ndi mlonda, kapena bambo wothirira maluwa. Ambiri a iwo ndi Atonga a m'chigwa momwemo, ndipo madzi amene iwe ukupita kukajambulirapo zithunzi anamiza minda ndi manda a makolo awo. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi pomanga damulo, ena n'kukatayidwa ku Lusitu, pouma paja mudzadutsepo musanafike Siavonga. Ukafika uwapatse moni bwinobwino, uphunzireko ngakhale "mwabuka buti", kenako ufunse pamene ng'ona inaonekera posachedwa. Adzakuuza ndi chala. Ife a ku Lusaka tili ndi matenda ofika pamalo ngati tagula anthu ake omwe.

Za ndalama, tsegula makutu pa mawu awiri: mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi? Ambiri agwa pamenepa. Funsanso ngati kadzutsa ali momwemo ndipo ndi wa anthu angati, mwana amayamba kulipira ali ndi zaka zingati, ndi matiresi owonjezera ndi zingati. Kenako misonkho. Pali VAT ya 16 peresenti, pali 10 peresenti ya antchito, palinso 1.5 peresenti ya zokopa alendo. Malo ena amaziphatikiza mu mtengo umene akuuza, ena ayi, ndipo chipinda chimene unamva kuti ndi K1,000 chimatha kuyandikira K1,300 pa tsiku lotuluka, ana atakwera kale m'galimoto. Uwauze akulembere mtengo wonse womaliza mu uthenga, uusunge.

Chimene chimamaliza ndalama kwenikweni ndi chakudya. Anthu asanu, katatu pa tsiku, masiku atatu, pa mitengo ya pa hotela, chilimba chonse chithera pa mbale. Pali malo amene amakhala ndi kakhitchini kapena amalola mbaula panja, ndipo kwa banja ngati lako amenewo ndiwo abwino, ngakhale akhale kutali pang'ono ndi mchenga. Unyamule ufa, mafuta, nkhuku ziwiri ndi madzi akumwa, nsomba ukagule konko. Koma funsiratu, chifukwa ena salola chakudya chochokera kunja. Ndipo usamusandutse mkazi wako wophika wa pa ulendo. Nayenso wapita kukapuma. Tsiku limodzi mudye za pa hotela, tsiku lina uwotche nsomba ndiwe.

Dipozitiyo usaitumize pa nambala ya munthu amene wangomupeza pa Facebook. Akuba amatenga zithunzi za malo enieni n'kuikapo nambala yawo, ndipo ndalama ikangolowa pa Airtel Money kapena MoMo foni imazima. Peza nambala ya malowo kudzera njira ina, kwa munthu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito amene anagonako, uimbe, uone ngati dzina lotuluka potumiza ndalama likugwirizana ndi la malowo. Ulipire gawo, osati zonse, ulandire lisiti, ndipo ufunse chimene chimachitika mwana akadwala n'kulephera kubwera.

Wati mukufuna kupita pa Khirisimasi. Lusaka yense amakhala ali komweko pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi pa Isitala, mitengo ili m'mwamba, kukutentha, udzudzu uli wambiri. Ine ndikadakhala iwe ndikadadikira mapeto a sabata aatali a Heroes ndi Unity kuchiyambi kwa Julaye, pamene m'chigwa mumakhala mofunda bwino Lusaka akunjenjemera, kapena masiku a pakati pa sabata pa holide ya sukulu ya Ogasiti. Mu Ogasiti kumawomba mphepo ndipo nyanja imachita mafunde, ndiye ukakwera boti uonetsetse. Ana adzalirira boti, ndikudziwa. Uwerenge majekete oyandamitsa musanakwere, mwana aliyense avale lomukwana, ndipo boti likadzaza mutsale. Pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene dziko linkakondwerera zaka 50 za ufulu, boti linagubuduzika pa nyanja yomweyi m'boma la Gwembe ndipo anthu 26 anamwalira, ambiri a iwo ana a sukulu.

Ngati chimene mtima wako ukufuna ndi mchenga woyera weniweni, umenewo uli ku Samfya pa Bangweulu, kapena ku Senga Bay ku Salima mutadutsa Chipata ndi malire a Mwami. Konseko ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ku Malawi pafunika mapepala a ana. Usunge zimenezo mpaka wamng'onoyo atakula. Chaka chino Siavonga yakwana. Unyamule NRC, upite nawo ana pa khoma la damu akaone kutalika kwake, mamita 128, ndi Zimbabwe ali tsidya. Zimenezo adzazisimba kusukulu kuposa mtundu wa makatani a m'chipinda.

Mukadzabwerako, mwana akatentha thupi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, mupite naye ku kiliniki tsiku lomwelo ndipo muwauze kuti munali ku chigwa, amuyeze malungo. Ana okulira mu Lusaka matupi awo sanazolowere malungo, amagwa nawo msanga. Wathu wachiwiri anagona m'chipatala masiku anayi titachokera ku chipinda cha pabichi chija.

Imba mawa m'mawa, ufunse za chipinda cha mzere wachiwiri, ndipo ukamva mayankho undiuze tisanatumize kalikonse. Maneti awiri ndi kulabokosi zili kuno, azakhali ako ati ubwere udzatenge Loweruka, ubwere ndi ana.