PHUNZIRO: KUSANKHA NDI KUPEZA ZIPANGIZO ZOMANGIRA LONA PA BOTI LA THANGA

Mawu oyamba

Asodzi anzathu ndi mamembala a makomiti a pagombe, phunziro lino likukhudza onse amene ali ndi maboti oyendera thanga, makamaka ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi madoko ena kumene maboti otere amanyamula anthu, nsomba zouma ndi ufa. Eni maboti a matabwa oyendera injini kapena nkhafi apindulanso nalo.

Ambiri timagula lona kuti titchinjirize usipa wouma, ukonde ndi thanga ku mvula, ku mafunde ndi ku dzuwa. Koma lona yambiri siitha chifukwa cha kukalamba. Imang'ambikira pamene yamangidwa. Ena amaikhomera ndi misomali, ena amaiboola ndi mpeni n'kulowetsa waya. Mwera ukangowomba kawiri katatu, lona ija yasanduka nsanza, nsomba zanyowa, ndipo ndalama zalowa m'madzi. Choopsa kwambiri n'chakuti lona yomangidwa molakwika ingathe kugubuduza boti.

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziroli, aliyense athe:

1. kutchula zipangizo zofunika pomanga lona pa boti;
2. kusiyanitsa chitsulo chabwino ndi chachinyengo asanalipire;
3. kudziwa kumene angazipeze ndi zimene angagwiritse ntchito zikasowa;
4. kumanga lona mosaika miyoyo pa chiswe.

Chimene chimang'amba lona

Adani a lona ndi atatu: mphepo, madzi ndi dzimbiri.

Mphepo ikawonjezera liwiro lake kawiri, mphamvu imene imakankha nayo lona imachuluka kanayi. N'chifukwa chake lona imene inali bwinobwino m'mawa imazuka masana mwera ukakula. Mphepo ya mwera imavuta kwambiri kuyambira mwezi wa May mpaka August, ndipo mpoto umabwera modzidzimutsa m'nyengo ya mvula.

Madzi nawo ndi olemera. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Ngati lona yanu yachita chithaphwi cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi n'kuzama masentimita 5, ndiye kuti pali malita 50. Kumeneko ndi kulemera kwa thumba lathunthu la chimanga, ndipo lonselo likukoka pa timabowo ta m'mphepete.

Dzimbiri limadya chitsulo, komanso limawoletsa nsalu ndi thabwa lozungulira chitsulocho. Mukaona mzere wofiira ukutsika pa thabwa kuchokera pa msomali, dziwani kuti thabwalo layamba kufewa m'kati. Pa nyanja ya Chilwa vutoli ndi lalikulu kuposa pa nyanja za Malawi ndi Malombe, chifukwa Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo madzi ake ali ndi mchere.

Zipangizo zofunika

(a) Timphete ta m'mabowo. M'masitolo amatitcha ma eyelet. Kamphete kamodzi kamakhala ndi zidutswa ziwiri zimene zimapana nsalu pakati, kuti chingwe chizikhudza chitsulo osati nsalu. Pa lona ya boti sankhani ta bowo la mamilimita 10 kapena 12. Timphete timeneti timafuna chida chake chokhomera, ndipo chidacho chiyenera kukhala cha saizi yomweyo.

(b) Ngowe kapena timaso ta pa boti. Apa ndi pamene chingwe chimakolekedwa. Ngowe yabwino ndi yosathwa, yokhala ndi mabowo awiri a masikuluwu. Ya sikuluwu imodzi imazungulira ndipo imakulitsa bowo m'thabwa.

(c) Masikuluwu kapena mabawuti. Pa malo okoka kwambiri monga m'makona, bawuti yodutsa thabwa lonse, yokhala ndi washa ndi nati kuseri, imagwira kuposa sikuluwu.

(d) Chingwe. Cha mamilimita 6 chimakwana bwino mu kamphete ka mamilimita 10. Chingwe cha polyester chimapirira dzuwa ndipo sichitamuka kwambiri. Cha nayiloni ndi cholimba koma chimatamuka. Chingwe chopepuka choyandama pamadzi, chimene chimapezeka m'misika yambiri, chimafumbwa msanga ndi dzuwa. Mukachipotokola n'kuona timaufa tikuyoyoka, chisintheni.

(e) Malegeni. Lamba wodulidwa ku chubu chakale cha galimoto amathandiza kwambiri. Akaikidwa pakati pa lona ndi ngowe, amatamuka mphepo ikamenya, motero kamphete sikazuka.

Kudziwa chitsulo chabwino

Safunsa anadya phula. Musagule chitsulo chifukwa chakuti chikunyezimira. Mitundu imene mungaipeze ndi iyi:

Chitsulo wamba chakuda ndi chotchipa, koma chimayamba dzimbiri m'masiku ochepa chikamanyowa. Musachiike pa nsalu.

Chitsulo chokutidwa ndi zinki, chonga cha malata ndi misomali yake, chimaoneka chotuwa. Chimakhalitsa ndithu m'madzi opanda mchere malinga ngati chikuto chake sichinapalike. Chotuwa ndi chokhakhala chimakhala ndi zinki wambiri kuposa chosalala chonyezimira.

Mkuwa wachikasu suchita dzimbiri lofiira ndipo ndi wabwino kwambiri pa timphete. Koma ndi wofewa. Sikuluwu ya mkuwa imathyoka mukaikakamiza m'thabwa lolimba musanaboole.

Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene amachitcha stainless steel, ndi chokwera mtengo koma chimakhala zaka zambiri. Pamutu pa mabawuti ake pamalembedwa A2 kapena A4. Ya A2 ndi yokwanira pa nyanja za Malawi, Malombe ndi Chiuta. Ya A4 imapirira mchere kuposa inzake.

Popita kogula tengani maginito, ngakhale a m'sipika ya wailesi yakufa. Mkuwa weniweni sugwidwa ndi maginito. Ngati kamphete kachikasu kakakamira ku maginito, ndi chitsulo wamba chopakidwa mtundu chabe. Mabawuti a A2 ndi A4 sagwidwa, kapena amangokokedwa pang'ono. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi, ndipo wogulitsa wachilungamo sangakuletseni.

Kumbukiraninso kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pa malo onyowa, chimodzi chimadya chinzake. Ngowe ya zinki imangidwe ndi sikuluwu ya zinki, ya stainless steel ndi inzake ya stainless steel. Mkuwa usagundane ndi aluminiyamu.

Kumene tingazipeze

Zipangizozi sizipezeka pa malo amodzi, choncho musataye mtima sitolo yoyamba ikakuuzani kuti palibe.

1. Masitolo a hadiweya a pa boma, monga ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga, amakhala ndi zingwe, mabawuti ndi mawasha. Za stainless steel kawirikawiri zimafuna kuitanitsa ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu.
2. Osoka malona a malole ndi matenti ndiwo amagwiritsa ntchito timphete tatikulu tsiku ndi tsiku. Akhoza kukugulitsani, kapena kukukhomerani mutawatengera lona yanu.
3. Osoka nsapato ali ndi ulusi wolimba, singano zazikulu ndi chida choboolera. Koma timphete tawo ta nsapato n'tating'ono, sitingagwire lona.
4. Owotcherera zitsulo angakupindireni ngowe kuchokera ku chitsulo cha mamilimita 6. Auzeni asalaze nsonga zonse, ndipo muzipake utoto woteteza dzimbiri musanaziike.
5. Ogulitsa zida za magalimoto akufa amakhala ndi malamba a pa mipando. Malamba amenewa ndi olimba zedi, ndipo ndi abwino kusokera m'makona a lona.
6. Amisiri okhoma maboti a m'dera lanu amadziwa kumene amagula misomali ndi mabawuti awo. Mlangizi wa zausodzi angakulumikizeninso ndi amisiri amene anaphunzira ntchitoyi ku sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe m'boma la Mangochi.

Popita kogula nyamulani chitsanzo: kachidutswa ka lona, kachidutswa ka chingwe, ndi kamtengo kosonyeza kuchindikala kwa thabwa. Mukatero simudzabwera ndi sikuluwu yaitali yotulukira kuseri n'kumabaya anthu ndi kung'amba ukonde.

Kuwerengera musananyamuke

Tiyerekeze kuti lona yanu ndi ya mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Kuzungulira m'mphepete monse ndi mamita 10. Mukatalikitsa timphete masentimita 50, mufunika timphete 20. Gulani 25, chifukwa tina timaphwanyika pokhoma. Mbali iliyonse yaitali ikhala ndi timphete 7, ndipo ngowe zimaikidwa pakati pa timphete tiwiri tiwiri. Choncho mufunika ngowe 6 mbali iyi ndi 6 mbali inayo, zonse pamodzi 12, ndi masikuluwu 24. Mbali zazifupi zimangidwe ku mipando ya boti. Chingwe gulani mamita pafupifupi 15. Ngati boti lanu limawoloka pa malo a mphepo yambiri, fupikitsani mipata ifike masentimita 30 ndipo muwerengenso.

Kaikidwe kake

1. Yezani lona pa boti, katundu ali m'malo mwake, musanadule kapena kuboola.
2. Pindani m'mphepete kawiri, masentimita 5, ndipo musoke. Kamphete kagwire nsalu zitatu, osati imodzi.
3. M'makona sokereranipo chigamba cha lona kapena lamba wa galimoto uja.
4. Boolani bowo lozungulira, locheperako pang'ono kuti khosi la kamphete lilowe mothina. Musacheke mtanda ndi mpeni, chifukwa kung'ambika kumayambira pa nsonga za mtandawo.
5. Khomerani pa thabwa lolimba, pang'onopang'ono. Kamphete kokhomedwa bwino sikazungulira mukakapotokola ndi zala.
6. Ikani ngowe pa thabwa lochindikala la pamwamba kapena pa nthiti za boti. Yambani mwaboola kabowo kakang'ono, ndipo muthiremo utoto kapena phula musanamange sikuluwu. Musaboole thabwa lililonse limene limakhala m'madzi.
7. Onetsetsani kuti ngowe sizikukola zingwe za thanga kapena ukonde poponya ndi pokoka.
8. Ikani nsungwi kapena mtengo pakati, pansi pa lona, kuti ikhale ngati denga ndipo madzi azitsetsereka kugwera kunja kwa boti.

Timphete tikasowa

Pali njira ziwiri zosafuna sitolo. Yoyamba ndi ya kamwala. Ikani kamwala kosalala ka pagombe kunsi kwa lona, kakuteni ndi lonayo, ndipo mumange chingwe pakhosi pake. Lona siibooledwa konse, ndipo njirayi ndiyo yabwino pa malona opyapyala a pulasitiki. Yachiwiri ndi kupanga mphete ya chingwe, kuiika pa bowo, ndi kuisokerera kuzungulira ndi ulusi wosokera ukonde mpaka nsalu ya m'mphepete mwa bowo isaonekenso. Imatenga nthawi, koma siichita dzimbiri.

Musagwiritse ntchito waya, misomali yopinda kapena mbedza zakale.

Chenjezo pa moyo

Lona imangidwe motsika, yothina, ndipo ikute katundu yekha. Lona yokwezedwa m'mwamba imasanduka thanga lachiwiri limene woyendetsa sangathe kulitsitsa mwamsanga.

Musamangirire lona pamwamba pa anthu, makamaka ana, boti likuyenda. Boti likagubuduka amakodwa pansi pake. Ofuna kudzitchinjiriza ku mafunde aigwire ndi manja.

Siyani malo okapira madzi osakutidwa, ndipo chokapira chikhale poonekera. Majekete oyandamitsa asakhale pansi pa lona.

Mbali imodzi imangidwe ndi mfundo yomasuka pongokoka kamodzi, ndipo mpeni ukhale pafupi ndi woyendetsa.

Musatsekere chigubu cha petulo pansi pa lona pamodzi ndi nyali kapena batire. Mpweya wa petulo umaunjikana ndipo umayaka ndi kamoto kakang'ono.

Kasamalidwe

Lona ya thonje ndi thanga zikapindidwa zonyowa zimachita chuku ndi kuwola. Ziyanikeni kaye. Nsomba zouma zikakhalitsa pansi pa pulasitiki padzuwa zimachita thukuta, ndipo zimatsika mtengo pa msika. Mukafika pa doko vundukulani, mpweya udutse. Kamodzi pa mwezi gwedezani ngowe iliyonse ndi kuyang'ana timphete tonse. Kang'ambo kakang'ono kasokeni tsiku lomwelo.

Udindo wa komiti

Mutu umodzi susenza denga. Kuyambira mu 1993, pamene makomiti a pagombe anayamba pa nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, asodzi aonetsa kuti angathe kuyendetsa okha zinthu zawo. Chida chokhomera timphete munthu amachifuna kamodzi kapena kawiri pa chaka, choncho komiti ikhoza kugula chimodzi cha doko lonse. Msungichuma azilemba m'kaundula dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza. Eni maboti angathenso kusonkha ndalama ndi kutuma munthu mmodzi kukagula timphete ndi mabawuti a onse, abwere ndi malisiti. Ntchitoyi ichitike mwera usanayambe komanso mvula isanagwe. Amayi ogula ndi kuyanika nsomba aitanidwe ku msonkhano umenewu, popeza nsomba zimene zimanyowa pa ulendo kawirikawiri zimakhala zawo.

Mafunso okambirana pa msonkhano

1. Ndi maboti angati pa doko lathu amene lona yake ndi yomangidwa ndi waya kapena misomali?
2. Kodi tinatayapo nsomba kapena katundu chifukwa cha lona yong'ambika? Chinayambitsa n'chiyani?
3. Ndani m'dera lathu amene amasoka malona, kuwotcherera kapena kukhoma maboti?
4. Kodi tigwirizane lamulo lotani pa nkhani yokuta anthu ndi lona boti likuyenda?

Mlembi alembe zimene mwagwirizana ndipo apereke kwa mlangizi wa zausodzi wa dera lanu pa ulendo wake wotsatira.